Madzi a kuseri kwa nyumba yathu

Kwathu kuno ku Chadiza, nyumba yotcheza kachasu simuchita kuifunsa. Mukangodutsa kuseri kwake, mphuno imakuuzani. Ife tinakulira m'nyumba yotere, ndipo sitibisa. Amayi athu akhala akutcheza kachasu kuchokera pamene atate anatisiya, ndipo nthawi zina amafululanso waini wa masamba a tiyi ndi shuga, uja amamukonda anyamata a pamsika. Tikudziwa kuti lamulo silikondwera naye kachasu, ndipo tikudziwanso mabanja amene mowawu wawapasula. Koma mayunifomu athu, makope athu ndi feteleza wa m'munda mwathu zinatuluka m'dramu lomwelo. Za mowa tidzakamba tsiku lina. Lero tikufuna kukamba za madzi amene amatsala mowa ukatchezedwa, amene kwa zaka zambiri tinali kungowakhuthula kuseri kwa nyumba osafunsa kumene amapita.

Kwa inu amene simunaonepo, ntchito yake imayenda motere. Gaga, shuga ndi madzi zimakhala m'dramu masiku angapo mpaka zitasasa. Kenako dramu limaikidwa pamoto, nthunzi imadutsa m'paipi yomizidwa m'madzi ozizira, ndipo kachasu amadontha m'botolo. Wodonthayo ndi wochepa. Chotsala m'dramu ndicho chochuluka: phala lamadzimadzi, lotentha, lofiirira, lowawasa. Pamenepo onjezanipo madzi otsukira madramu, mabotolo ndi zidebe, komanso nsenga zakuda za waini wa tiyi uja. Zonsezi zinali ndi njira imodzi, kangalande kamene kanadzikumba kokha kuchoka pakhitchini pathu kutsikira kumunsi. Pamene kanali kudutsa sipanali kumera udzu. Ife tinali kuona, koma tinali kuti ndi chifukwa cha kutentha kwa madziwo.

Nyumba yathu ili pamtunda. Kumunsi kwake kuli dambo, ndipo m'mphepete mwa dambolo muli dimba la agogo ena, anansi athu, amene amasunga adzukulu anayi. M'dimbamo muli chitsime chosazama chimene amathiririra ndiwo, ndipo mjigo ukakhala ndi mzere wautali, amatungamonso madzi a kunyumba. Zaka za mvula yabwino panalibe amene anadandaula. Mvula inali kusungunula zonse ndi kuzikokolola. Chaka cha 2024 ndicho chinatiulula. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Aliyense anathamangira kudimba, chifukwa kumunda kunalibe chiyembekezo. Madzi a m'zitsime anatsika, ndipo amene anatsala anali ochepa moti chilichonse cholowamo chinali kuonekera.

Tsiku lina m'mamawa, m'mwezi wa Juni, agogo aja anafika pakhomo atanyamula kapu yamadzi. Anakhala pansi, moni unachitika, kenako anapereka kapuyo kwa amayi.

"Mwana wanga, tanunkhizani madzi awa."

Madziwo anali ngati tiyi wosasungunuka bwino, ndipo fungo lake tonse tinalidziwa, chifukwa ndi fungo limene tinakulira nalo.

"Sindinabwere kudzakangana," anatero agogo. "Koma nazale yanga ya repu yakana kawiri. Mbewu ndagula ndi ndalama ya nkhuku. Adzukulu anga akusamba madzi amenewa. Ndikapita kwa amfumu mudzati ndine woipa mtima, n'chifukwa chake ndayamba kubwera kwa inu."

Amayi anangoti, "Ndamva, amayi," ndipo anayang'ana pansi. Ife ana ndife tinalankhula mopusa agogo atachoka. Wina anati ndi chilala chabe. Wina anati agogowo akuchita nsanje ndi malonda athu. Mkulu wathu anati madzi akalowa m'nthaka amasefeka okha, nanga si mu Okutobala amayi a kuno amakumba mumchenga wa mtsinje wa Nsadzu n'kutunga madzi oyera? Koma tonse tinadziwa kuti nkhaniyi ikafika pabwalo la amfumu, sidzathera pa chitsime. Idzafika pa dramu, ndipo dramu likachoka, chaka cha njala ngati chimenecho, tidzadya chiyani? Komanso anthu anali ndi mantha ndi madzi alionse okayikitsa. Kolera anali atavuta ku Vubwi, pafupi ndi ife pomwepa, kumayambiriro kwa 2023, ndipo kuchokera mu Okutobala chaka chomwecho anapha anthu mazanamazana ku Lusaka ndi madera ena, mpaka masukulu anachedwa kutsegulidwa. Kolera amabwera ndi chimbudzi cholowa m'madzi akumwa, osati ndi nsenga za mowa, koma mwana wina akanangotsegula m'mimba sabata imeneyo, palibe akanamvera zimenezo.

Amene anatitsegula maso anali atsibweni athu, mlongo wawo wa amayi. Iwo anagwirako ntchito ku South Africa, pafamu ina yaing'ono ya mphesa kufupi ndi Stellenbosch, ndipo ntchito yawo inali kutsuka matanki ofululiramo vinyo. Atamva nkhaniyi madzulo ake anaseka pang'ono, n'kunena kuti vuto lathu ndi lomwe azungu a vinyo ali nalo, kungosiyana kukula kwa dramu. Kumeneko mphesa zimakololedwa kuyambira mu Januwale mpaka cha mu Epulo, ndipo nyengo imeneyo madzi otsukira matanki amatuluka ambiri, ofiirira, owawasa, onunkha ngati athuwa. Lamulo la kumeneko silimulola mwini famu kuwataya mumtsinje. Mafamu aakulu ali ndi makina odula, koma pafamu yawo paja panali mabokosi aakulu odzaza mchenga, ndipo madzi anali kulowa mbali ina n'kutuluka mbali ina atayera.

"Ndiye kuti mkulu wathu akunena zoona, atsibweni? Mchenga umasefa?"

"Akunena theka," anatero. "Mchenga uja umadya. Ndipo chilichonse chimene chimadya, ukachipatsa chakudya chopitirira muyeso, chimadwala."

Mawu amenewo sitinawamvetse tsiku limenelo. Mng'ono wathu amene ali ku sekondale ndiye anatenga foni n'kuyamba kufufuza, ndipo usiku angapo anali kutiwerengera zimene wapeza. Ofufuza a pa Cape Peninsula University of Technology ku Cape Town akhala zaka zambiri akuyesa njira imeneyi pa madzi otayidwa m'mafamu a vinyo. M'madzi oterewa muli zinthu zingapo. Muli shuga wotsala, mowa wotsala ndi asidi. Zimenezi zikalowa m'chitsime kapena m'dambo, tizilombo tosaoneka ndi maso timazidya mwachangu n'kumaliza mpweya wonse wa m'madzimo, ndipo madzi amayamba kununkha. Koma mulinso gulu lina la zinthu limene asayansi amalitcha phenolics, ndipo limeneli ndilo louma mutu.

Dzinalo ndi lachilendo, koma zinthu zake tonse tinazilawapo. Mukaluma nthochi yaiwisi kapena suku losapsa, m'kamwa mumauma ndipo lilime limakhakhala. Tiyi wopanda mkaka akakhalitsa m'poto amachitanso chimodzimodzi, ndipo amasiya chikanga chofiirira m'kapu. Mapira ofiira mbalame siziwakonda ngati oyera pa chifukwa chomwechi. Zomera zimapanga zinthu zimenezi kuti zidziteteze ku tizilombo ndi ku nyama zozidya. Mu mphesa zimakhala m'makoko ndi m'njere, ndipo ndizo zimapatsa vinyo wofiira mtundu wake. Kwa ife zinali kuchokera m'masamba a tiyi, ndipo zina m'gaga. Popeza ntchito yake ndi kuteteza chomera, siziola msanga, zimadetsa madzi, ndipo zikachuluka zimalepheretsa mbewu kumera. Mng'ono wathu atafika pamenepo, amayi anasiya kusenda nyemba. Tonse tinakumbukira nazale ya agogo ndi kangalande kopanda udzu kaja.

Mchenga umagwira zinthu zimenezi m'njira ziwiri. Yoyamba, zimakakamira pa timiyala ta mchengawo madzi akamadutsa. Koma malo okakamirapo ali ndi polekezera, ndipo akadzaza, zotsalazo zimangodutsa. Yachiwiri ndiyo yofunika: pa kamwala kalikonse pamamera tizilombo tosaoneka, ndipo timeneti timadya shuga, mowa ndi asidi, kenako pang'onopang'ono timaphwanyanso ma phenolics aja, n'kutsegula malo kuti ena akakamirepo. Mchenga watsopano ulibe tizilombo tokwanira, umafuna masabata kuti tichuluke ndi kuzolowera chakudya chake. Ofufuza aja anapezanso kuti ukayamba ndi madzi osalimba n'kumawonjezera pang'onopang'ono, mchenga umagwira bwino ntchito kuposa kuuthira madzi olimba tsiku loyamba.

Nzeru yosefa madzi ndi mchenga si yatsopano. Mu 1829 James Simpson anayamba kusefa madzi a mtsinje wa Thames ndi mchenga kuti anthu a mu London amwe. Mu 1892 kolera anapha anthu masauzande mumzinda wa Hamburg ku Germany, umene unali kumwa madzi a mtsinje wa Elbe osasefa, pamene mzinda woyandikana nawo wa Altona, umene unali kutunga mumtsinje womwewo chakumunsi koma n'kumasefa ndi mchenga, unapulumuka kwambiri. Amayi a kuno amene amakumba mumchenga wa Nsadzu akugwiritsa ntchito nzeru yomweyo. Kusiyana kwake n'koti mumtsinje madzi amayenda mumchenga mtunda wautali ndipo ndi osalimba. Kuseri kwa nyumba yathu kunalibe mchenga, kunali katondo wouma, ndipo madzi athu anali kungoyenda pamwamba mpaka kudimba.

Tinaganiza zoyesa. Tinakumba dzenje lotalika mapazi atatu akuluakulu, lakuya kufika m'chiuno, chapamwamba pa kangalande kaja. Pansi tinayala pulasitiki yakuda kuti madzi asalowe m'nthaka, tinaika miyala ing'onoing'ono, ndipo pamwamba pake tinadzaza mchenga wa kumtsinje umene tinatuta ndi ngolo maulendo awiri. Pansi penipeni tinaika paipi yotulutsira madzi kumunsi. Tsiku limene amayi anatcheza, tinanyamula dramu lonse, likadali lotentha, n'kulikhuthulira pamchengapo. Tinaiwala zonse zimene mng'ono wathu anatiwerengera, chifukwa tinali pachangu chofuna kuonetsa agogo kuti tachitapo kanthu.

Pasanathe sabata ziwiri dzenje linatseka. Gaga anapanga chikhakha pamwamba, madzi anaima, ntchentche zinabwera, ndipo fungo linaposa lakale. Madzi ochepa amene anali kudontha kupaipi anali kununkha ngati viniga. Anthu odutsa anali kutiseka kuti tatsegula dziwe la udzudzu. Mkulu wathu anati tikwirire basi, tizikataya kutchire usiku. Atsibweni anabwera, anatosa chikhakhacho ndi ndodo, n'kunena kuti, "Ana inu, mwana wakhanda mwamupatsa nsima ya m'mphika wonse. Ndiye mukudabwa kuti akusanza?"

Tinayambiranso, ndipo ulendo uno tinatsatira malangizo awo. Choyamba, phala lotsala m'dramu silipitanso kumchenga. Timalisiya lizizire usiku wonse, timalisefa ndi thumba la feteleza lotsukidwa bwino, ndipo gaga wotsalira m'thumbamo amapita kukhola la nkhumba kapena kudzenje la manyowa. Chachiwiri, madzi osefedwawo amalowa m'dramu lina, mmene timawasakaniza ndi madzi otsukira mabotolo kuti asakhale olimba, n'kuthiramo phulusa lodzaza manja awiri kuti kuwawasa kuchepe. Amakhala m'menemo tsiku limodzi kuti nsenga zikhale pansi. Chachitatu, sitikhuthula. Pansi pa dramulo tinaboola kabowo, ndipo madzi amadontha pamchenga usana wonse. Chachinayi, tinakumba dzenje lachiwiri pambali pa loyamba. Lina likamalandira madzi sabata ino, linzake likupuma, mchenga wake ukuuma ndi kulowa mpweya. Mwezi woyamba tinali kuthira madzi otsukira okhaokha, kenako n'kumawonjezera a m'dramu pang'onopang'ono.

Masabata oyamba madzi anali kutuluka ofiirirabe, ndipo tinatsala pang'ono kutaya mtima. Amayi ndiwo anatikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Cha m'sabata yachisanu mtundu unayamba kuchepa, ndipo fungo la mowa linatha. Tilibe makina opimira madzi, choncho tinagwiritsa ntchito chimene chinadandaulitsa agogo. Tinatenga mbale zitatu, m'mbale iliyonse tinayala kansalu ndi njere makumi awiri za repu. Ina tinathirira madzi a pamjigo, ina madzi a m'dramu osasefa, ina madzi otuluka kupaipi. Patapita masiku asanu, mbale ya pamjigo inali itamera pafupifupi yonse. Ya madzi osasefa inamera njere zowerengeka, zofooka, ndipo zina zinachita nkhungu. Ya kupaipi inatsala pang'ono kufanana ndi ya pamjigo. Mbale zitatuzo tinazinyamula pa lichero kupita nazo kwa agogo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Iyi yapakatiyi ndiyo munali kundithirira ine?" Tinavomera. Panalibe china chonena.

Tisanapitirire, pali zinthu zimene aliyense wofuna kuyesa ayenera kumva. Madzi otuluka m'dzenje lathu si akumwa, si ophikira, ndipo sitiwalola kufika pachitsime cha munthu. Kumera kwa repu kumangotiuza kuti zowononga zachepa, osati kuti zatheratu. Madziwo timathirira nthochi zimene tinabzala kumunsi kwa paipi, ndipo amathera pomwepo. Madzi akumwa timatunga pamjigo n'kuthiramo klorini monga a zaumoyo amatiuzira. Komanso dzenje lotere likhale kutali ndi chitsime chilichonse, ndipo likhale lotchingidwa kuti ana ndi ziweto zisagweremo. Lathu tinalizunguliza ndi mpanda wa bango.

Chitsime cha agogo sichinayere tsiku limodzi. Tinapita tonse kukachikapa, tinachotsa matope akuda a pansi, ndipo tinakwirira kangalande kaja ndi miyala ndi dothi. Ngakhale zinali tero, madzi ake anatenga miyezi kuti asiye fungo. Mbewu ya repu imene inawonongeka tinabweza. Amayi anachita kuyenda okha kukaipereka, ndipo anakhala kumeneko mpaka dzuwa kulowa. Zimene anakambirana sanatiuze, koma nkhani sinafike kwa amfumu.

Mchenga uja ndi ntchito yosatha. Mwezi uliwonse timapala pamwamba pake, pamene pamada ndi kulimba, n'kuthirapo wina watsopano. Tikachita ulesi sabata ziwiri, madzi amaima ndipo fungo limatikumbutsa. Mvula ya mu Januwale 2025 inadzaza maenje onse awiri usiku umodzi, ndipo tinachita kumanga kadenga ka udzu pamwamba pake ndi kukumba ngalande yopatutsa madzi a mvula. Nyengo ya Kulamba mu Ogasiti, pamene anthu amapita ku Mkaika ndipo malonda amachuluka, amayi amafuna kutcheza kawirikawiri kuposa mmene mchenga ungalandirire. Pamenepo timakangana. Ife timati dzenje ladzaza, iwo amati makasitomala sadikira mchenga. Nthawi zina amapambana ndi iwo, ndipo madzi owonjezerawo timawasunga m'madramu mpaka dzenje litapuma.

Chimene chimativutitsabe n'choti m'mudzi mwathu nyumba yotcheza si yathu yokha. Zilipo zina, ndipo zonse zili pamtunda, pamene madimba ndi zitsime zili kumunsi. Palibe amene amafuna kuyambitsa nkhaniyi pamsonkhano, chifukwa kukamba za madzi a kachasu ndi kuvomera kuti umatcheza kachasu. Mayi mmodzi yekha ndiye anabwera madzulo ena, ngati akudzapempha moto, n'kufunsa kuti mchenga wabwino timautenga pati. Tinamuuza kuti asankhe wokhakhala wa pakati pa mtsinje, osati wosalala wa m'mphepete umene uli ndi matope, ndipo autsuke kaye. Tinamuuzanso za kulakwitsa kwathu koyamba, kuti iye asakuyambirenso.

Sabata yatha agogo anatumiza mdzukulu wawo ndi mtolo wa repu. Mwanayo ataupereka kwa amayi anapita kuseri kwa nyumba, n'kukaima pa mpanda wa bango kuyang'ana madzi akudontha kupaipi. Anatifunsa ngati n'zoona kuti mumchengamo muli tizilombo timene timadya mowa. Titavomera, anafunsanso ngati timaledzera. Mng'ono wathu anamuyankha kuti timaledzera ukatipatsa wambiri nthawi imodzi, ndipo anamupatsa fosholo kuti athandize kupala, chifukwa linali tsiku lake.